Nsengwa ndi Chikuta: Kumene Mphamvu za Mayi Wochira Zimachokera



Nkhani ya uchembere siikambidwa pabwalo. Makolo ankaikamba m'nyumba, chitseko chili chotseka, amuna ndi ana atatalikira. Ngati lero yafika pagulu, n'chifukwa choti ena anaitulutsa kale. Ili pa foni za atsikana oyembekezera ku Lilongwe, ku Chipata ndi ku Tete, ndiponso pa foni za ana a mbumba zino amene akuchirira ku Johannesburg, ku Leeds kapena ku Texas, kutali ndi amayi awo. Uthenga umene akuwerengawo ndi wakuti mayi akabereka adye nsengwa yake kuti mphamvu zibwerere msanga, magazi achuluke, mkaka utuluke wambiri ndipo mtima ukhale m'malo. Ogulitsa uthengawu amawonjezera mawu amodzi amene akukhudza aliyense wosunga chikhalidwe: amati umenewu ndi mwambo wakale wa makolo. Popeza dzina la makolo latchulidwa, osunga miyambo ali ndi udindo woyankha.

Nsengwa ndi ntchito yake

Nsengwa, imene ena amaitcha nsapo, ndi chiwalo cha kanthawi. Imamera pakhoma la chiberekero mayi akaima, ndipo mbali yake yaikulu imachokera ku dzira lomwelo limene mwana amachokera. Pofika tsiku lochira imakhala yathyathyathya ngati chibale chaching'ono, yotalika masentimita pafupifupi 20 m'mimba mwake, yolemera pafupifupi theka la kilogalamu. Kudzera mu nsengwa ndi mchombo, mwana amalandira mpweya ndi chakudya kuchokera m'magazi a mayi, ndipo zoipa za m'thupi lake zimabwerera njira yomweyo. Nsengwa imapanganso mahomoni amene amasunga mimba kuti isachoke nthawi isanakwane.

Pali chinthu china chimene azamba akale ankachidziwa mwa kuona, ndipo madokotala anadzachifotokoza pambuyo pake. Nsengwa ikatuluka yonse, mahomoni ake amatsika mofulumira m'thupi la mayi, ndipo kutsika kumeneko n'kumene kumatsegulira mkaka njira, kotero kuti pakatha masiku awiri kapena atatu mabere amadzaza. Chidutswa cha nsengwa chikatsalira m'kati, mkaka umachedwa, chiberekero chimalephera kubwerera bwino m'malo mwake, magazi amapitirira kutuluka ndipo mayi angathe kuwola m'mimba. N'chifukwa chake mzamba wanzeru, wakumudzi kaya wakuchipatala, sapuma mwana akangolira. Amadikira nsengwa, n'kuiyang'ana mbali zonse kuti aone ngati yatuluka yathunthu. Thupi la mayi limachira nsengwa ikachoka. Ichi chokha chikupereka kale funso kwa amene akufuna kuibwezera m'thupi kudzera pakamwa.

Kumene mchitidwewu unachokera

Aliyense amene anawetapo ziweto anaonapo mbuzi, ng'ombe, galu kapena mphaka akudya nsengwa yake akangoswa. Nyama zambiri zoyamwitsa zimatero, kupatulapo zochepa monga ngamira ndi nyama za m'nyanja zikuluzikulu. Akatswiri amapereka zifukwa zosiyanasiyana: kuchotsa fungo limene lingaitane zilombo, njala ya pambuyo pa kuswa, kapenanso kuchepetsa ululu. Mark Kristal wa pa yunivesite ya Buffalo ku America anatha zaka zambiri akufufuza makoswe, ndipo anapeza kuti nsengwa yaiwisi imathandiza khoswe kumva ululu wochepa. Koma zimenezi anazipeza pa makoswe. Mbuzi imadya nsengwa chifukwa ilibe wina woiphikira phala kapena wolondera pakhomo. Munthu anapatsidwa abale.

Amene amati mchitidwewu ndi wakale amatchula kawirikawiri dziko la China. N'zoona kuti asing'anga a kumeneko akhala akugwiritsa ntchito nsengwa youmitsa, imene amaitcha ziheche, ndipo inalembedwa m'buku lalikulu la mankhwala la Li Shizhen limene linatuluka m'chaka cha 1596. Koma kumeneko inali mankhwala operekedwa kwa odwala matenda osiyanasiyana, monga kuwonda kosalekeza ndi kusabereka, amuna ndi akazi omwe. Sunali mwambo woti mayi aliyense akachira adye nsengwa yake. Ngakhale ku China komweko, unduna wa zaumoyo unaletsa malonda a nsengwa za anthu m'chaka cha 2005.

Mchitidwe umene ukufalikira lerowu ndi wa posachedwa. Unayamba kumveka ku America m'zaka za m'ma 1970 pakati pa amayi ena amene ankakana kuchirira kuchipatala, n'kumafuna kuchita zonse m'njira imene ankaitcha yachilengedwe. Unadzakula pambuyo pa chaka cha 2000, pamene kunabuka anthu ochita malonda okonza nsengwa. Iwowa amaitenga kuchipatala, n'kuitsuka, kuifutsa kapena kuisiya yaiwisi, kuilengalenga, kuiumitsa m'makina, kuipera n'kuthira ufawo m'makapisozi. Panthawi ina ntchitoyi ku America inkalipitsidwa madola apakati pa 200 ndi 400. Akazi otchuka a m'mafilimu ndi pa wailesi yakanema atayamba kulengeza kuti akumwa makapisoziwa, mchitidwewu unawoloka nyanja n'kufika ku Britain, ku Australia ndi kwina, kenaka intaneti inaufikitsa paliponse.

Funso loti kaya ndi mwambo wa makolo linafufuzidwa. M'chaka cha 2010, Sharon Young ndi Daniel Benyshek a pa yunivesite ya Nevada ku Las Vegas anasanthula zolembedwa zokhudza mitundu 179 ya anthu pa dziko lonse, ndipo sanapeze mwambo wokhazikika woti mayi azidya nsengwa yake. Chimene anachipeza kawirikawiri chinali kukwirira. Amaori a ku New Zealand amatchula nsengwa ndi nthaka ndi liwu limodzi, whenua, ndipo amaikwirira m'dziko la makolo a mwanayo. Abaganda a ku Uganda ankaiona ngati mwana wachiwiri, n'kumaiika patsinde pa nthochi. Mitundu yotalikirana chotere, yosadziwana n'komwe, inagwirizana pa chinthu chimodzi: nsengwa ndi yolemekezeka, ndipo malo ake ndi m'nthaka.

Zimene ofufuza apeza

Amayi ambiri amene anamwa makapisoziwa amachitira umboni kuti anamva bwino, ndipo palibe chifukwa chowanenera kuti akunama. Koma munthu akalipira ndalama zambiri pa mankhwala, n'kuwamwa ndi chikhulupiriro, nthawi zambiri amamva kusintha ngakhale mankhwalawo alibe kanthu. Pofuna kusiyanitsa mphamvu ya mankhwala ndi mphamvu ya chikhulupiriro, ofufuza a ku Nevada aja anagawa amayi m'magulu awiri. Gulu lina linapatsidwa makapisozi a nsengwa, lina linapatsidwa makapisozi ofanana nawo maonekedwe koma opanda nsengwa, ndipo palibe mayi amene ankadziwa chimene akumwa.

Pa kafukufuku wa amayi 23 amene anatuluka m'chaka cha 2017, mchere wa ayironi, umene umapanga magazi, sunasiyane m'matupi a magulu awiriwa. Makapisozi a nsengwa ankapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a ayironi amene mayi woyamwitsa amafunika pa tsiku. Tanthauzo lake ndi lakuti mayi amene wataya magazi ambiri, akadalira makapisoziwa n'kusiya mankhwala owonjezera magazi a kuchipatala, angathe kufooka kwambiri uku akuganiza kuti akudzithandiza. Kafukufuku wina wa amayi 27 amene anatuluka m'chaka cha 2018 sanapeze kusiyana kooneka pa kutopa, pa nkhawa kapena pa chikondi cha mayi kwa khanda lake. Magulu amenewa anali ochepa, komabe ndiwo anayesa nkhaniyi mwachilungamo, ndipo phindu lolonjezedwa lija silinaoneke.

Kuopsa kwake kunaoneka. M'mwezi wa September 2016, m'chigawo cha Oregon ku America, khanda lina linadwala litangobadwa chifukwa cha mabakiteriya otchedwa Group B Streptococcus. Linalandira mankhwala kwa masiku 11, n'kutuluka m'chipatala lili bwino. Patangotha masiku 5 linabwereranso lili ndi matenda omwewo m'magazi. Madokotala atafunsitsa, anapeza kuti mayi ake ankamwa makapisozi awiri a nsengwa katatu pa tsiku. Atayeza makapisoziwo anapezamo mabakiteriya ofanana ndendende ndi amene anali m'magazi a mwanayo. Mayi anauzidwa kuti asiye, mwana analandiranso mankhwala ndipo anapulumuka. M'chaka cha 2017 bungwe loona za matenda la dzikolo, la CDC, linafalitsa nkhaniyi n'kuchenjeza kuti amayi apewe kumwa makapisozi a nsengwa, chifukwa kuumitsa sikupha tizilombo tonse. Nsengwa ndi nyama yodzaza magazi, imene yadutsa njira yoberekera n'kukhala kunja kwa maola angapo. Ingathe kusunga tizilombo ta matenda amene mayi ali nawo, ndipo ikakonzedwa pa ziwiya zimene zakonzera nsengwa za anthu ena ingathe kutenganso za eni ake. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Zimene makolo ankachita

Chichewa chenichenicho chimasonyeza mmene makolo ankaonera uchembere. Mkazi woyembekezera amatchedwa wapakati, ndipo akuluakulu amamasulira kuti ali pakati pa moyo ndi imfa. Ena amangoti ndi wodwala. Akabereka sanena kuti wabereka, amati wachira. Anthu olankhula chotere ankadziwa kuti kubereka ndi nkhondo, ndipo wobwera kunkhondo sapatsidwa khasu tsiku lomwelo.

Nsengwa inali m'manja mwa amayi aakulu. Ankaikwirira mwachinsinsi, pamalo amene ankawadziwa iwo okha, poopa kuti munthu wa mtima woipa angaitenge n'kutseka nayo mayiyo kuti asadzaberekenso. Wina angatsutse za ufitizo, koma asaiwale zimene mwambowu unkachita: chinthu chodzaza magazi chinkachotsedwa msanga, agalu ndi ntchentche osachifikira, ndipo ulemu wa mayi unkasungika. Lero zipatala zili ndi maenje akeake otayamo nsengwa kapena zimaiwotcha, ndipo m'zipatala zambiri za ku Britain mayi akapempha amaloledwa kupita nayo kwawo. Mwana wa kuno amene angafune kuchita monga mwa makolo ake kumeneko, mwambo wake ndi wokwirira.

Mphamvu za mayi wochira makolo ankazifuna kwina, m'chikuta. Kuyambira tsiku lochira mpaka mchombo wa mwana utagwa, masiku okwana sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono, mayi ndi khanda ankakhala m'nyumba. Sankapita kudambo, sankasinja, sankatola nkhuni. Popeza ukwati wa Achewa ambiri unali wa chikamwini, mkazi ankachirira pakati pa mbumba yake, amayi ake, agogo ake ndi achemwali ake ali pafupi. Iwowa ankamuthowa ndi madzi otentha, kumumanga m'mimba ndi nsalu, kumuphikira phala ndi nsima ya ndiwo zabwino, ndi kumufululira thobwa kuti mkaka ubwere. Ngati ndi mwana woyamba, ankamuphunzitsa kagwiridwe ka khanda, kayamwitsidwe ndi kasambitsidwe. Anthu ongoyenda sankaloledwa kulowa kapena kunyamula mwana, ndipo izi zinkatchinjiriza khanda ku matenda a m'manja mwa anthu ambiri. Ngakhale lamulo loti mayi wochira asathire mchere m'ndiwo, limene linkachokera pa mantha a mdulo, linkachititsa kuti pakhomopo pasasowe munthu wina wothandiza kukhitchini. Mwamuna naye anali ndi lake lamulo: kudziletsa kufikira tsiku la kutenga mwana, zimene zinkapatsa thupi la mkazi nthawi yopola. Mchombo ukagwa, mwana ankametedwa n'kutulutsidwa, ndipo obwera kudzaona mwana sankabwera chimanjamanja. Ankanyamula ufa, nkhuni, nkhuku, ndipo masiku ano sopo ndi chitenje.

Tsono zinthu zinayi zimene ogulitsa makapisozi amalonjeza, chikuta chinali ndi yankho lake pa chilichonse. Pa kutopa chinkapereka mpumulo. Pa magazi chinkapereka chakudya. Pa mkaka chinkapereka mphunzitsi wokhala pambali pa mayi usana ndi usiku. Pa nkhawa chinkapereka anthu ocheza naye, oona msanga ngati nkhope yake yasintha.

Apa ndi pamene pali chilonda chenicheni. Mtsikana amene akuchirira m'kachipinda ka lendi ku Johannesburg, mwamuna ali ku ntchito ya usiku, amayi ake ali ku Dedza, sakopeka ndi makapisozi chifukwa cha uchitsiru. Akufuna chinthu choti agwire chifukwa palibe womugwira dzanja. Mnzake wa ku Ndirande kapena ku Area 25, amene watuluka m'chipatala lero ndipo mawa ali pampopi ndi chidebe, ali m'vuto lomwelo ngakhale za makapisozi sanazimvepo. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, la WHO, limati amayi 13 mwa 100 alionse amene angobereka kumene amadwala matenda a maganizo, makamaka kukhumudwa kwakukulu, ndipo m'mayiko osauka chiwerengerochi chimafika pafupifupi 20 mwa 100. Ameneyu ndi mayi wolira popanda chifukwa chooneka, wosagona ngakhale mwana atagona, wodziona ngati wolephera. Matendawa ndi enieni ndipo ali ndi chithandizo kuchipatala. Si ulesi, si kulodzedwa, ndipo ufa wa nsengwa suwachiritsa.

Zosunga ndi zosiya

Kulemekeza makolo sikutanthauza kunena kuti zonse zimene ankachita zinali zabwino. Amayi ambiri anatsikira kuli chete m'zikuta chifukwa cha kutaya magazi, aakulu akudikira kuti mwina kusiya kokha. Ena ankaumirizidwa kuulula amuna amene anayenda nawo pamene mwana wapingasa, nthawi yopita kuchipatala n'kumatha. Mankhwala a zitsamba ofulumizitsa matenda, monga mwanamphepo, ang'ambitsa ziberekero. Zopaka pa mchombo zalowetsa kafumbata mwa makanda. Zoterezi n'zoyenera kusiyidwa popanda manyazi, pakuti makolowo akanakhala ndi chipatala pafupi sakanalola ana awo kufa.

Kutaya magazi kwambiri pambuyo pobereka ndiko kumapha amayi ochuluka kuposa vuto lina lililonse la uchembere pa dziko lapansi. Kuchipatala mayi amabayidwa jakisoni wa oxytocin mwana akangobadwa, kuti chiberekero chikhwinyate ndipo magazi asiye. Nsengwa ikachedwa kutuluka kupitirira theka la ola, anamwino amadziwa chochita. Mayi akabwerera kunyumba, omusamalira ayenera kudziwa zizindikiro zosafunika kugonera: magazi onyowetsa nsalu mobwerezabwereza, kutentha thupi, zotuluka za fungo loipa, mutu waukulu ndi kusaona bwino, kukomoka, ndiponso khanda lokana kuyamwa kapena lopuma movutikira. WHO imalangiza kuti mayi ndi mwana aonedwe ndi azaumoyo m'maola 24 oyamba, pa tsiku lachitatu, pakati pa tsiku la 7 ndi la 14, komanso pakatha masabata 6. Chikuta cha lero chiyenera kukhala ndi khomo lotsegukira kuchipatala.

Za magazi, yankho lili m'munda ndi pamsika: chiwindi, nyama, usipa, matemba, nyemba, nandolo, bonongwe, chisoso ndi nkhwani wotendera, pamodzi ndi zipatso monga malalanje, magwafa ndi malambe zimene zimathandiza thupi kutenga ayironi m'zakudya. Pamwamba pa izi pali mapiritsi owonjezera magazi amene amaperekedwa kusikelo. Za mkaka, palibe mankhwala oposa kuika mwana kubere mu ola loyamba atabadwa ndi kumuyamwitsa pafupipafupi, mayi akudya ndi kumwa mokwanira. Mkaka woyamba wachikasu uja usamafinyiridwe pansi, pakuti ndiwo chitetezo choyamba cha mwana ku matenda.

Otsala ndi udindo wa aliyense. Anamkungwi, amene amalangiza mtsikana pa chinamwali ndi pa chisamba, awonjezere pa malangizo awo zizindikiro zoopsa zija, ndipo akafunsidwa za kudya nsengwa ayankhe mosazengereza kuti si mwambo wa kuno. Mafumu, amene agwira kale ntchito yaikulu polimbikitsa amayi kuchirira kuchipatala, ayang'anenso zimene zimachitika mayi akabwerako, kuti pasapezeke wochira dzulo ali kumunda lero. Abambo adziwe kuti ku Malawi lamulo la ntchito limapatsa mayi masabata 8 a tchuthi cha uchembere, ndipo kuyambira m'chaka cha 2021 limapatsanso bambo masabata awiri. Masiku amenewo si okachezera kubawo. Ndi otunga madzi, ophika ndi onyamula mwana kuti mayi agoneko. Ndipo amene ali kunja kwa dziko, amene amadziwa kale kusonkhana pa maliro ndi kusonkherana ndalama zotumizira thupi kumudzi, asonkhanenso chimodzimodzi mmodzi wa iwo akachira. Agawane masiku, wina abwere ndi mphika wa nsima Lolemba, wina adzachape Lachitatu, wina wachikulire adzagone komweko sabata yoyamba. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mayi wa mwanayo ndi mbale wa onse.

Nsengwa imagwira ntchito yake miyezi isanu ndi inayi, ndipo ikatuluka yamaliza. Makolo ankaibwezera kunthaka mwaulemu, n'kutembenukira kwa mayi amene wapulumuka, kumufunditsa, kumudyetsa ndi kukhala naye mpaka ataima yekha. Mwambo woyenera kuuteteza pa nkhaniyi ndi umenewo, ndipo sufuna ndalama za kunja kapena makina. Ufuna anthu opezeka pakhomo pa mayi wochira.